Maso a kagwape ka a Esitele

Akulu anga a Esitele ndi munthu woti mukakumana nawo pamsika wa Mkanda simungacheuke. Ndi aafupi, amayenda ataweramira kutsogolo pang'ono, chitenje chawo sichisowa ubweya wa mbuzi, ndipo moni wawo ndi wa mawu awiri basi. Ine Dyna, mng'ono wawo, ndine wapakamwa, zimenezo sindikana. N'chifukwa chake nkhaniyi ndikuikamba ndine, pakuti mukati mudikire iwo kuti aikambe okha, imvi zidzakupezani muli chiimire. Ndinenerenso poyamba pomwe kuti ndikuikamba ndili wokwiya. Papita chaka ndi miyezi ingapo, koma mtima wanga sunatsikebe.

Tinabadwira ku Chiosya, iwo oyamba, ine wachinayi. Bambo athu anali ndi mbuzi zoposa makumi awiri koma mwana wamwamuna analibe, ndiye a Esitele atangofika sitandade 4 anauzidwa kuti sukulu yakwana, mbuzi zikudya chimanga cha eni. Sanadandaule. Anapita kudambo ndi mbuzizo, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira zonse zimene amadziwa. Ankagwira mbuzi ya bere patsinde pa mchira n'kunena kuti iyi mawa sifika isanaswe, ndipo zinkaterodi. Kamwana kakafedwa make, ankakapaka mkodzo wa mbuzi ina yoyamwitsa mpaka mbuziyo ikalandire ngati kake. Anthu a m'midzi yoyandikana ankabwera ndi tiana tofooka titakulungidwa m'masaka, n'kubwerera nato tikuyenda tokha. Dzina loti Nambuzi linayamba ngati chipongwe, koma linakhazikika.

Ukwati anakwatiwa, ndi a Timoteyo, bambo wa mano oyera ndi nkhani zokoma. Patatha zaka zisanu bamboyo anakweza matumba atatu a mtedza panjinga, ati akukagulitsa ku Chipata. Mtedza umenewo mpaka lero akugulitsabe. Achemwali sanawalondole, sanapite kwa ankhoswe kachiwiri, anangomanga katundu n'kubwera kudzakhala ndi ine kuno ku Mkanda, kumene ndimagulitsa tomato ndi anyezi. Posakhalitsa anapeza ntchito pafamu ya a Gerald.

A Gerald ndi bwana wopuma ntchito ya muofesi ku Lilongwe. Anagula malo aakulu kuseri kwa msika, n'kumalima fodya ndi soya, n'kuikapo ng'ombe ngati makumi atatu. Koma chimene amanyadira kwenikweni ndi mpanda wa waya umene muli agwape asanu ndi awiri, oweta, ndipo chikalata cha boma chowaloleza kuweta nyamazo anachiika m'galasi n'kuchipachika pakhoma. Amabwera Loweruka lokha, kawirikawiri ndi anzawo a m'tauni, amene amaima pawaya n'kumajambula agwapewo ndi mafoni. Masiku ena onse famu imakhala m'manja mwa akapitawo, a Alufeyo, amene aweta ng'ombe zaka makumi atatu. Ndisawanamizire, si munthu wankhanza, ndipo ng'ombe amazikondadi. Vuto lawo ndi limodzi: chimene anachiona chikugwira ntchito pa ng'ombe, kwa iwo chimagwira pa chilichonse cha miyendo inayi.

Nanga a Esitele anawapatsa ntchito yanji? Tsache. Munthu amene mudzi wonse wa Chiosya unkamutumizira ziweto zodwala anapatsidwa tsache, kheni yothirira nazale, ndi kusankha fodya m'shedi nyengo yake ikafika. Kukhola kunali kwa amuna. Ndinawauza kuti achemwali, kanenenitu kuti ziweto mumazidziwa. Iwo anangoti, "Anandifunsa?"

M'mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, fumbi lili tolotolo, gwape mmodzi anaswa. Aka kanali koyamba kubadwira mumpandamo, ndiye antchito anasangalala mopitirira. Anakatola m'udzu mmene make anakabisa, n'kumapatsirana m'manja, uyu ajambule, uyu ajambulenso, ati atumizire bwana. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo. Pokabweza, kanali kakununkha thukuta la anthu asanu, ndipo make anangokanunkhiza kamodzi n'kupita kukaima kungodya ina ya mpanda. Sanakayamwitsenso.

Tsiku lachiwiri m'mawa a Esitele akusesa pafupi ndi waya anakaona katagona pafumbi, maso onse awiri atamatika ndi mafinya, ntchentche zitaunjikana, misozi italemba mizere iwiri yakuda mpaka kukamwa. A Alufeyo anabwera, anakagunda pang'ono ndi nsonga ya jombo, n'kunena kuti kameneka n'kakufa kale. Achemwali anatsamiritsa tsache pawaya, analowa, anakakulunga m'chitenje.

Akapitawo anaimbira foni bwana, n'kukweza mawu a foniyo kuti onse amve. A Gerald anati mayiyo ayese, palibe vuto, mkaka ndi zina aone yekha. Kenako anawonjezera mawu amene achemwali anabwera nawo kunyumba madzulo ake, n'kundibwerezera mmene anawamvera: "Koma kakakhala kakhungu sindisunga. Alendo sabwera kudzaona nyama yomenya mutu pawaya. Kakapanda kuona, akapitawo mudziwa chochita." Chochitacho tonse tinkachidziwa, ndi mpeni.

Choncho nkhani yonse inali pa maso awiriwo. Achemwali anapempha kachipinda kosungiramo makasu, anasesamo, anayala matumba, anamanga neti ya udzudzu yakale kuti ntchentche zisafike. Anawiritsa madzi, anaikamo mchere wongotsina ndi zala ziwiri, anadikira azizire, n'kuyamba kunyowetsa mafinyawo ndi kansalu koyera, pang'onopang'ono, osakoka. Zinawatengera pafupifupi ola lathunthu kuti maso atseguke. Atatseguka, sanathamangire mankhwala. Anakatengera pakhomo pamene pali kuwala, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

Chimene anaona n'chakuti zikope za m'munsi zinali zitapindikira mkati, ndiye tiubweya ta pachikope tinkakanda diso nthawi iliyonse kakaphethira. Anali ataziona kale kawiri pa tiana ta mbuzi ku Chiosya. Mankhwala ake, anandiuza, ndi chala ndi kuleza mtima: ukokere chikopecho pansi ndi chala chachikulu mpaka chitembenuke, utsine pang'ono khungu la m'munsi mwake, ugwire kwa kanthawi, usiye. Chikabwerera, ubwerezenso. Ankachita zimenezi kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira pa tsiku, pakati pa kuthirira nazale ndi kusesa, pakuti ntchito ya tsache palibe amene anawachotsera. Kwa a Sauda, amene ali ndi sitolo ya mankhwala pamsika, anagula kachubu ka mafuta a m'maso ndi kansonga ka botolo la ana.

Mkaka unali wa mbuzi yanga. Inde, ine Dyna ndinagwada kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse kukama mbuzi, anthu odutsa akundifunsa ngati tiyi wavuta chonchi. Ndinkawayankha zoti sindingazilembe pano. Ndinkapita nawo mkakawo kufamu ndisanatsegule benchi yanga ya tomato, ndipo m'menemo ndi mmene ndinakazolowerera kanyamako, ngakhale poyamba ndinkati achemwali akutaya nthawi. Kanali kakang'ono kuposa mphaka, timiyendo ngati mapesi a mapira, koma pabotolo kankakoka mwaukali, kamchira kakugwedezeka.

Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi diso lakumanja linali litapola. Chikope chinakhala m'malo mwake, misozi inaleka, diso linali lakuda bii, lowala. Achemwali anandiitana kuti ndione. Anayendetsa dzanja kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo kamutu kanatsatira. Anayendetsanso, kanatsatiranso. Ndinaona akulu anga akuseka mano onse pamtunda, chinthu chimene sindinachione ngakhale tsiku la ukwati wawo. Diso lakumanzere linali likadali ndi kadontho koyera pakati, pamene ubweya unakanda kwambiri, koma kadonthoko kankachepa tsiku ndi tsiku. Diso limodzi lokhalo linali lokwanira kuti kapulumuke mpeni.

Kadontho kameneko ndi kamene kanawasowetsa mtendere a Alufeyo. Ankabwera pakhomo la kachipindako, n'kusuzumira, n'kupukusa mutu. Ati imeneyo ndi ng'ala, ndipo ng'ala siimva mafuta. Mankhwala awo ndi amene oweta ng'ombe ambiri akale kuno amawadziwa: fodya wa mphuno, mchere wosinja, ndi phulusa la zitsononkho, kusakaniza, kuika m'chubu cha bolopeni, n'kuuzira m'diso. Ng'ombe imalira misozi masiku atatu, ina imachira, ina ayi. Imene yachira amaikumbukira mpaka dzina lake. Imene sinachire amati inali ndi tsoka.

"Mayi, ndipatseni mphindi imodzi yokha," anatero tsiku lina, antchito ena akumva. "Mawa lomwe kadontho kameneko mudzakafuna."

"Ayi, akapitawo," anayankha a Esitele. "Diso la ng'ombe ndi lalikulu ngati dzira, ili ndi la njere ya mtedza. Komanso si ng'ala, ndi bala. Pabala sathirapo fodya."

Wina mwa antchitowo anaseka, ndipo ndikukhulupirira kuti kuseka kumeneko ndi kumene kunawononga zinthu. Bambo wa zaka makumi atatu pakhola, kukanidwa pagulu ndi mzimayi wa tsache. Anapemphanso kawiri masiku otsatira, ndipo kawiri konse anauzidwa mwaulemu kuti ayi.

Tsopano ndifike pamene ine ndinalakwa, chifukwa sindingaloze ena chala n'kubisa zanga. Tsiku lachisanu ndi chinayi tinalandira uthenga woti malume athu, mlongo wa mayi, amwalira ku Kachebere. Ndinathamangira kufamu ndi chikwama chomanga kale. A Esitele anamva uthengawo, anakhala pansi, analira pang'ono, kenako anati, "Iwe Dyna, pita ukandipepesere. Ndibwera kanyamaka kakalimba."

Ndinawalusira. Ndinati achemwali, mutu uli bwino? Malume amene anatilera mayi atamwalira, inu mwana woyamba, mukasowe pamaliro chifukwa cha gwape wa eni? Ndikanene chiyani kwa azakhali? Maliro n'kulirana, tsiku lanu likadzafika mudzaikidwa ndi agwape? Ndinalankhula zambiri, ndipo zonse zinali zoona, n'chifukwa chake zinagwira. Anasisita kanyamako pamsana, kenako anadzuka kukafuna akapitawo, pakuti ndiwo okha amene amagona pafamupo ndi kusunga makiyi.

Ndinalipo pamene ankawalangiza. Anawasonyeza botolo, muyeso wa mkaka, ndi mmene angaufunditsire m'madzi otentha. Ananena kuti mnansi wanga azikama mbuzi n'kubweretsa. Kenako anati, "Mkaka wokha, akapitawo. M'maso musakhudzemo, ngakhale kutsuka. Masiku awiri sikafa nawo. Ndapota nanu."

"Pitani bwino, mayi, mukalire mwamtendere," anatero a Alufeyo. "Ine ziweto ndakula nazo."

Mawu omalizawo ndinawamva, ndipo ndinaona achemwali akuima pang'ono pakhomo. Ine ndi amene ndinawakoka dzanja kuti wa kabaza akudikira.

Ku Kachebere tinagona masiku awiri. A Esitele anachita zonse zoyenera mwana wamkulu, anakhala m'siwa, anatunga madzi, anaphika ndi amayi anzawo, koma ndinkawaona akuyang'ana dzuwa kawirikawiri, ndipo ndinkadziwa kuti akuwerenga nthawi ya botolo. Titangochoka kumanda anatsanzika. Azakhali anang'ung'udza kuti mwambo sunathe, koma nthawi imeneyi ndinawaikira kumbuyo ndine. Tinafika ku Mkanda dzuwa likupendeka, ndipo sitinadutsire n'komwe kunyumba.

Fungo ndi limene linatilandira pakhomo la kachipindako, fungo la fodya. Neti inali itakwezedwa. Kagwape kanali kataunjikana pangodya, mutu uli pansi, maso onse awiri atatupa ngati alumidwa ndi mavu, atamatika ndi zinthu zakuda. Kankapukuta nkhope pathumba, n'kusiya, n'kupukutanso. Achemwali anagwada. Sanalire, sanafunse kanthu, anangoti, "Dyna, madzi. Ambiri."

Ndikubwera ndi ndowa ndinakumana ndi a Alufeyo, akubwera mokondwa, chubu cha bolopeni chili m'thumba la malaya. Ati musadandaule ndi kutupako, ndi mmene mankhwala amagwirira, ndauzira dzulo m'mawa ndi lero m'mawa. Ndinawafunsa kuti nanga diso lakumanja, limene linali litapola, mwalitani? Anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu cha mwana.

"Timathira onse awiri, mayi," anatero. "Ukathira limodzi, ng'ala imawolokera ku linalo. Aliyense woweta amadziwa zimenezo."

Ndowa ndinaitula pansi, chifukwa ndikanapanda kutero ikanathera pamutu pawo. Zimene ndinawauza anazimva mpaka a kumsika. Ndinati munapemphedwa chinthu chimodzi chokha, kusunga manja anu m'thumba, ndipo chakukanikani. Ndinati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, koma inu mwaviika diso la mwana wa eni m'phulusa. Iwo ankangobwereza kuti adikire masiku atatu aone, ndipo chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti nkhope yawo inali ya munthu amene wachita chifundo. Sanachite mwanjiru. Anadikira mwini achoke kuti amuthandize mokakamiza, n'cholinga choti pobwera adzawathokoze pamaso pa onse amene anaseka aja.

Achemwali anatsuka masowo mpaka ndowa ziwiri zinatha, madzi akutuluka akuda, kenako ofiirira, kenako oyera. Anapaka mafuta aja. Masiku anayi otsatira sanagwire tsache, ndipo palibe amene analimba mtima kuwafunsa. Kanyamako kankayamwabe, n'chimene chinkatipatsa kachiyembekezo. Tsiku lachinayi kutupa kunaphwa, zikope zinatseguka zokha. Maso onse awiri anali oyera mbee, ngati a usipa wophika. A Esitele anayendetsa dzanja patsogolo pake, kumanzere, kumanja, pafupi kwambiri mpaka kutsala pang'ono kukhudza. Kamutu sikanasunthe. Ine ndinatuluka panja kukalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Loweruka a Gerald anabwera, mwamwayi opanda alendo. Ndinatseka benchi yanga n'kupita, chifukwa ndinkadziwa kuti achemwali sakadzilankhulira. Bwanayo anagwada movutikira, anavula chipewa n'kuchigwedeza patsogolo pa kagwape, anadzuka, anafunsa kuti chachitika n'chiyani, poti pafoni anamva kuti kakuchira.

"Mankhwala tinachedwa nawo, bwana," anatero a Alufeyo. "Akanandilola tsiku loyamba, bwenzi pano kakuthamanga. Koma mayiwa anakakamira mafuta awo mpaka ng'ala inakhwima."

Ndinatsegula pakamwa, koma bwanayo anakweza dzanja, ati mayi inu si wantchito pano. Anatembenukira kwa a Esitele, n'kulankhula mofatsa, ngati munthu wokhululuka. Ati mwayesetsa mayi, ndaona, koma nthawi zina muzimvera anthu odziwa ziweto.

"Diso lakumanja linali litapola, bwana," anatero achemwali. "Linkandiona."

A Gerald anayang'ana foni yawo, a Alufeyo anayang'ana kukhola. Achemwali anapempha kuti ngati n'kotheka akatenge, akakalere kunyumba, sikadzasowa kanthu. Bwanayo anati chikalata sichilola kuti nyama ituluke mumpanda wa famu, ikatuluka womangidwa akhala iwo eni. Ine ndinati ndiye kasiyeni m'kachipindamo, kakudyerani chiyani, mkaka ndi wa mbuzi yanga. Anati mawu anawanena kale poyamba, ndipo famu siiyenda ndi chisoni. Analowa m'galimoto kukaona soya wa m'nkhokwe ya kumtunda, n'kutisiya atatu ndi kanyamako.

Mkaka unali utafunda kale m'botolo, ndiye a Esitele anakhala pathumba, anakaika pamiyendo, n'kukayamwitsa mpaka botolo linatha. A Alufeyo anaima pakhomo akudikira, chipewa chili m'manja. Achemwali anakapukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje, anadzuka, anakapereka m'manja mwawo. Kagwape kanamva kuti manja asintha, kanayamba kuphupha, makutu ali njo, kakutembenuza mutu uku ndi uku kufuna kumene iwo ali.

Ndinafuna kulankhulanso, koma achemwali anandigwira pakamwa ndi dzanja. Kenako anawerama n'kuvula masilipasi awo. Kanyamako kanali katazolowera kulira kwa masilipasiwo, kakangowamva kankadzuka n'kulunjika komweko, ndipo iwo sanafune kuti kadziwe mbali imene alowera. Anawanyamula m'manja, n'kuyenda chosavala pafumbi lotentha lija mpaka kugeti, osatsokomola n'komwe, ine ndili pambuyo pawo nsapato zanga zilinso m'manja.